Ndinawatuma mabuleki okha, anadula galimoto ya a Ottavio

Mabuleki. Ndinawatuma mabuleki ndi makabuleta, basi. Sindinawatume kuti atenge chodulira zitsulo. Sindinawatume kuti akonze pomwe sipanawonongeke. Ndikulemba izi nditakwiya, ndipo amene mumandidziwa mukudziwa kuti ine Tiyamike sindikwiya wamba.

Dzina la galajayo sindilitchula pano, loya wandiletsa. Ili cha kumwera kwa Birmingham, ukangodutsa Longbridge n'kulowa kamsewu ka kumafamu. Pachipata pali chikwangwani chodzitama kuti iwo ndi akatswiri a magalimoto akale a ku Italy. Mwini wake ndingomutchula kuti a Derek. Wofuna dzina lonse andipeze Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi. Ndimuuza mokweza, sindinong'ona.

Galimotoyo si yanga. Ine ndi wa mafizo, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo, pachipatala chachikulu cha ku Walsgrave, malipiro anga sangagule ndi chiwongolero chake chomwe. Ndi ya a Ottavio, nkhalamba ya ku Italy imene inandisunga m'nyumba mwake ku Bilston nditangofika kuno kudzaphunzira. Ndinalowa ngati wa lendi. Nyengo yozizira yoyamba chifuwa chinandigwetsa, iwo n'kumandiphikira supu uku akundikalipira chifukwa chotuluka wopanda sikafu. Akazi awo anamwalira kalekale, mwana alibe. Kuyambira pamenepo ndimawatchula kuti bambo, iwo amati mwana wanga, ndipo sitinachite kukhalirana pansi kuti tigwirizane zimenezi.

Ali mnyamata ku Turin, ankagwira ntchito pa kashopu kopanga mabodi a magalimoto othamanga. Osati a ku fakitale ongotuluka ngati mabanzi. Injini ndi chimango zinkachokera kwina, iwo n'kumaveka bodi ndi manja. Ankatenga lata la aluminiyamu, kuliika pa chitsa cha mtengo, n'kulimenya ndi hamala mpaka lipindike mmene diso likufunira. Galimoto imodzi amisiri awiri, wina kumanja, wina kumanzere. A Ottavio anali wa kumanzere. N'chifukwa chake mbali ziwiri za magalimoto amenewa sizifanana ndendende. Kunja ankasalaza n'kupaka penti, koma ukalowetsa dzanja kunsi kwa madigadi, pamwamba pa tayala, timaenje ta hamala umatimva tonse.

Atasamukira kuno kudzagwira ntchito ya zitsulo, tsiku lina anaipeza imodzi itatayidwa kuseri kwa galaja ina, matayala ataphwa, masamba atadzaza mkati. Nthawi imeneyo panalibe woifuna. Anagwada, kulowetsa dzanja kumanzere, n'kupeza hamala yawo yomwe. Anaigula. Magalimoto a mtundu umenewo anapanga ochepa, oti ungawawerenge ndi zala, ndipo ambiri anathera m'mipikisano. Mitengo ya magalimoto akale itapenga zaka zapitazi, amuna a masuti ankagogoda pakhomo ku Bilston. A Ottavio ankawamwetsa khofi n'kuwaperekeza pageti.

Ine ndinakweramo kamodzi kokha, tsiku lolandira digiri. Anandipititsa okha, atavala tayi, ine gauni nditaipinda pamiyendo chifukwa mkati ndi mothina ndiponso motentha. Makolo anga sanathe kubwera. Amene anaimirira n'kuwomba m'manja dzina langa litatchulidwa anali iwowa.

Shuga anayamba ndi kuwalanda maso, galimoto n'kungokhala m'shedi. Chaka chino sitiroko inawagwira atabwera kudzadya nkhomaliro kwanga ku Coventry, n'chifukwa chake agonekedwa pachipatala chomwe ndimagwira ntchito. Mbali yakumanzere inafa, dzanja lamanja linatsala. Madokotala anandikokera pambali kundiuza za mtima wawo, ndipo ine ndimadziwa tanthauzo la kukokeredwa pambali. Bambo anandipempha chinthu chimodzi: "Undibweretsere galimoto. Ndimve injini, ndiigwire." Asisitala a mu wodi anavomera kuti Lamlungu lopanda mvula tikhoza kuwatulutsa pa wilitcheya mpaka poimika magalimoto.

Achimwene anga a Dalitso ndi injiniya ku fakitale ya magalimoto ya ku Longbridge. Anapita kukaiona ku shedi. "Achemwali, injini ili fiti," anatero, "koma mabuleki agwira, ndiye makabuleta akufunika kuwakilina. Ndikhoza kuyesa, koma pa galimoto ngati iyi sindikufuna ma-experiment. Tiipititse kwa ma-specialist." Anzawo a ku ntchito ndi amene anawalozera kwa a Derek.

Tinaikweza pa thirela Loweruka m'mawa. Titafika, a Derek anatuluka atavala ovolosi yochapa bwino, tayi ili mkati. Anaizungulira galimotoyo akuimba mluzu. Anaitana antchito awo onse kuti adzaone. Kenako anatembenukira kwa achimwene n'kufunsa kuti kwenikweni ndi ya ndani.

Ndinayankha ine. Anafunsa funso lina, maso adakali pa achimwene. Ndinayankhanso ine. Achimwene anachita kuwalozera kuti wolankhula naye ndi uyu.

Ndinawafotokozera zonse. Za ku Turin, za chitsa ndi hamala, za maso, za mtima. Ndinawauza kuti alowetse dzanja kunsi kwa madigadi amve okha. Analowetsa, kulitulutsa, n'kulipukuta pa ovolosi. Anati ndi nkhani yokoma kwambiri. Ndinanena kawiri, pang'onopang'ono, m'Chingerezi chomwe ndinakhozera mayeso m'dziko lawo lomweli: mabuleki ndi makabuleta, bodi musaikhudze. Anaika dzanja pamtima. Anati galimoto ili m'manja abwino, pakutha sabata ikhala itatheka.

Ndinawasiyira nambala ya ku ntchito ndi ya peja yanga, yomwe imalira paliponse pamene ndili. Tikutuluka ndinacheuka n'kuwaona atagwada kutsogolo kwa galimoto, tepi yoyezera ili m'manja. Ndinafunsa achimwene kuti kodi mabuleki amayeza ndi tepi? Anati, "Musadandaule achemwali, anthu awa amangokonda kuadimaya." Ndinaika mtima m'malo.

Sabata inatha. Zii. Ndinaimba foni. Anayankha mtsikana wa pa ofesi, wa mawu okoma ngati wa pa wailesi. A Derek ali pansi pa galimoto. Mawa lake, a Derek angotuluka kumene. Mkuja wake, akudikira zipangizo zochokera ku Italy. Zipangizo zanji? Sakudziwa, koma zonse zikuyenda bwino. Ndinatumiza fakisi ya mizere iwiri yokumbutsa kuti mwini galimoto akudwala kwambiri. Mtsikanayo anati yafika, waiika pa tebulo lawo. Ndinapempha kuti andiimbire. Anati andiimbira ndithu. Peja yanga sinalireko ndi nambala yawo.

Uku ku wodi, m'mawa uliwonse ndisanayambe ntchito ndinkadzera kwa bambo. Ankandizindikira ndi mapazi. Asanayankhe n'moni womwe, funso linali limodzi: galimoto? Ndinkati ikubwera. Lamlungu loyamba kunawala dzuwa, popanda ndi kamtambo komwe, chinthu chosowa m'dziko lino. Linadutsa. Lotsatira nalonso linadutsa. Mkati mwa sabata imeneyo mtima wawo unavuta, ndinawapeza ali ndi mapaipi m'mphuno. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Uwauze afulumire, mwana wanga." Munthu wotere umamuyankha kuti a Derek ali pansi pa galimoto?

Lachisanu zinandikwana. Ndinapempha mnzanga andigwirire odwala a masana, n'kuuyamba wa ku galajako osawachenjeza. Mtsikana uja atandiona anadzambatuka pampando. Anati makasitomala saloledwa kulowa kumene kukugwiridwa ntchito, ndi malamulo a inshuwalansi. Ndinamuuza kuti aitane apolisi, andipeza mkati.

Galimoto inali pakona, itakwezedwa pa majeki. Yofiira kumbuyo, yofiira kumanja, yofiira pamwamba. Kutsogolo kumanzere kunali kotuwa, lata latsopano lili waliwali. Ndinaima. Ndinadziuza kuti mwina angopala penti. Ndinagwada pa simenti ya mafutayo ndi yunifolomu yanga, n'kulowetsa dzanja kunsi.

See. Kosalala ngati mkati mwa mbale.

A Derek anabwera akumwetulira. Akumwetulira, anthuni! Anati ndafulumira, amafuna ndidzaione atapaka kale penti.

Ndinafunsa kuti madigadi aja ali kuti. Anati anapeza podyeka, pamene aluminiyamu amakumana ndi chitsulo cha chimango. Ndinati pakulu bwanji? Anandionetsa chala chachikulu. Ndinati ndiye chifukwa cha malo a chala chimodzi mwadula mbali yonse? Anati ayi, pamenepo akanatha kungoika chigamba. Vuto lenileni analipeza ndi tepi. Kumanzere kunali kokwera ndi theka la inchi kuposa kumanja. Anati iwo sangalole galimoto yopendama kutuluka pachipata chawo. Ikakaonekera ku chionetsero, anthu adzafunsa kuti inadutsa m'manja mwa ndani, ndipo dzina loipa lidzakhala lawo.

Chionetsero chiti? Ndani anawauza za chionetsero? Ine ndinawauza za poimika magalimoto pachipatala, ndi nkhalamba imodzi yosaona.

Anandiitanira pa makina awo, chimango chachikulu cha mawilo awiri achitsulo. Amalowetsa lata pakati pa mawilowo n'kumalikankha uku ndi uku mpaka lipindike losalala. Anati umu ndi mmene amisiri a kuno ku Midlands amapangira bodi kuyambira nthawi ya agogo awo. Anati anthu a ku Italy kujambula amatha, koma pomenya ankangothamanga, ntchito yawo ukaisuzumira kunsi imaoneka ngati ndowa yakale. Ananena zimenezi kwa ine, amene ndinawauza ndi pakamwa pangapa kuti womenyayo ndi ndani.

Ndinafunsa kuti bwanji sanandifunse. Anati anafunsa. Anaimbira mwini galimoto, poti dzina la pa mapepala si langa. Anaimba ku Bilston. Kunyumba yotseka, yopanda munthu! Anasiya uthenga pa makina oyankha foni woti akapanda kumva kanthu apitiriza. Munthu amene ndinawauza kuti ali chigonere ku Walsgrave. Ankafuna awayankhe ndani, makatani?

Nanga mabuleki? Anakanda m'mutu. Anati amenewo ayamba sabata yamawa.

Ndinabwereza funso langa loyamba: madigadi akale aja ali kuti? A Derek anayang'ana wantchito wawo. Wantchitoyo anayang'ana nsapato zake. Kenako anati zodulidwa zonse amaponya m'chibini chachikulu cha panja, ndipo wa sikilapu anadzatenga m'mawa womwewo.

Foni yawo sindinafune n'kuigwira komwe. Ndinathamangira pa bokosi la foni la pamphambano n'kuimbira achimwene ku ntchito. "Ati chani? Adula wing yonse? Dikirani pompo, ndikubwera." Anatuluka pa miting'i osatsanzika.

Yadi ya sikilapuyo ili cha ku Wednesbury. Lachisanu madzulo, msewu waukulu utadzaza, magalimoto akukwawa. Achimwene ankangomenya chiwongolero. "Fault ndi yanga," ankatero, "ndine ndinawarekomenda anthu amenewa." Ndinawauza kuti asiye zimenezo, odula si iwo. Mumtima ndinali ndi pemphero limodzi lokha, loti lole ya sikilapu ija ikhale itaphulika tayala panjira.

Tinafika akutseka geti. Bambo wa pamenepo, wonenepa, ndudu ili pakamwa, anatimvetsera mpaka kumapeto, zomwe a Derek sanachitepo. Anapukusa mutu. Anati aluminiyamu samugoneka, amamupsinja tsiku lomwelo. Anatitengera kuseri. Kunali mabelo a zitsulo zophwanyidwa atasanjikizana kuposa msinkhu wanga. Mapoto, mafelemu a mawindo, makwerero. Tinazungulira belo ndi belo. Pa lina ndinaona kachidutswa kofiira katapanikizika pakati pa poto ndi paipi. Ndinakakoka ndi zala mpaka chikhadabo chinathyoka. Sikanasunthe. Kaya kanali komweko, kaya kanali ka chikwangwani cha sitolo, sindidzadziwa.

"Achemwali, tiyeni," anatero achimwene. "Zapita."

Ndinalira pomwepo, pakati pa mapoto a eni ake, bambo wa ndudu uja akuyang'ana kumbali.

Pochoka pamenepo tinadzera ku Bilston, poti ndi pafupi. M'nyumba munali fungo la malo otsekedwa, makalata atawunjikana kuseri kwa chitseko. Kanyali ka pa makina a foni kankaphethira. Ndinadina. Mawu a a Derek anadzaza pabalaza, osangalala, akupereka moni kwa bwana, akuti apeza kavuto kakang'ono kutsogolo koma asadandaule, akawongola kuti galimoto ikhale mmene inayenera kukhalira poyamba. Mmene inayenera kukhalira! Amauza munthu amene anaipanga.

Loweruka tinabwerera ndi thirela. A Derek anali ataganiza, ndipo anali ndi nzeru. Tamverani nzeru yake. Anati poti nkhani ndi timaenje, atha kutenga hamala n'kumenyamenya pang'ono kunsi kwa madigadi atsopanowo. Ntchito yaing'ono, salipiritsa. Anati poti mwiniwake saona, sadzasiyanitsa.

Ndinapsa mtima. Achimwene anandigwira pamkono n'kundinong'oneza: "Achemwali, taganizani kaye. Mwina for his sake. Madala aja time yawathera, bola apite osangalala." Ndinawamvetsa, ankanena ndi chisoni. Koma ndinakana. Munthu anandisunga ngati mwana wake, ine ndikamuikire chinyengo m'manja ali pa wilitcheya? Nanga akachizindikira? Adzadziwa kuti ntchito yake yapita, n'kudziwanso kuti mwana wake ndi wabodza.

Ndinauza a Derek kuti atsitse galimoto pa majeki. Anati siituluka mpaka bilu italipiridwa. Bilu ya ntchito imene ndinawaletsa! Nkhani ya biluyo ili ndi loya, sinditaya nayo nthawi pano. Chimene ndinachita ndi ichi. Ndinatenga chitenje m'chikwama changa, kuchimanga pamwamba pa jinzi, n'kukhala pansi pakhomo la ofesi yawo, miyendo tambalale, mmene timakhalira pamaliro kwathu. Loweruka ndi tsiku limene mabwana amabwera kudzaona magalimoto awo. Aliyense wofika ankayenera kundidumpha kapena kundifunsa, ndipo Angelezi manyazi sawalola kudumpha munthu. Woyamba anafunsa, ndinamufotokozera. Wachiwiri, bambo wa imvi wa jekete yachikopa, atamva anangoti, "Wadula bodi yoyambirira?" n'kulowa mkati mwachangu kukaona ngati yake ikadali yonse.

Wachitatu asanafike, majeki anatsika. Penti ndinakana. Inatuluka choncho, mbali imodzi yotuwa. Mabuleki ndi makabuleta anakonza achimwene omwewo ku shedi, akaweruka ku ntchito, ndipo zinangowatengera madzulo angapo.

Bambo ndinawauza zoona. Ndinakoka katani, kukhala pabedi, n'kunena zonse monga mmene ndalembera pano. Anamvetsera nkhope italoza kudenga. Nditamaliza anaseka pang'ono. Anati ndamva molakwika, za magalimoto sindizidziwa. Anati mwina aika chigamba, mwina apala penti, koma munthu amene wagwira magalimoto amenewa moyo wake wonse sangadule madigadi abwinobwino chifukwa cha tepi. Anawaikira kumbuyo a Derek, anthu inu. Munthu amene sanakumanepo naye anamuikira kumbuyo chifukwa ndi mmisiri mnzawo.

Lamlungu kunali mitambo koma mvula inatileka. Ndinawaveka majuzi awiri ndi bulangete, nesi mmodzi n'kunyamula botolo la mpweya, tonse n'kutsika. Achimwene ankadikira kumapeto kwa malo oimika magalimoto. Atationa analiza injini.

Nkhope ya bambo sindidzaiwala. Anatukula mutu, mbali yamoyo ya pakamwa ikumwetulira. Ananena mawu a Chitaliyana amene sindinawamve. Anakweza chala kuti achimwene aponde mafuta, n'kukwezanso kuti apondenso. Anthu odzaona odwala anaima ndi maluwa awo m'manja. Bambo anati kabuleta mmodzi akuchedwa pang'ono kupuma, achimwene n'kuseka: "Madala awa, khutu lidakali sharp!" Pamenepo ndinaganiza kuti mwina injiniyo ikwanira, mwina zinazo aziiwala.

Kenako anati ndiwasendeze kumanzere.

Ndinakankha wilitcheya mpaka pa tayala lakutsogolo. Anatambasula dzanja lawo lotsalalo. Anasisita pamwamba, kuchokera pa nyali mpaka pa chitseko, n'kubwerera. Anawerama, ine nditawagwira paphewa kuti asagwe, n'kulowetsa dzanja kunsi. Linakhalako nthawi yaitali. Ndinkaona mkono ukuyenda, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolonso, ukufunafuna. Achimwene anazimitsa injini.

Anatulutsa dzanjalo n'kuliika pa bulangete. Sanakalipe. Sanalire. Bola akanatukwana.

"Ndi ntchito yaudongo," anatero. "Kwazizira, mwana wanga. Ndibwezere mkati."

Tinakwera lifiti n'kubwerera mu wodi. Nditawagoneka, ndikukonza pilo, anati, "Uigulitse. Uwaimbire a masuti aja. Tsopano aikonda."

Lolemba lapitali a Derek anaipeza nambala yanga ya ku ntchito. Inde, yomwe ija inkawasowa nthawi yonseyi. Sanaimbe kuti apepese. Anati ndi zachisoni kuti sitinamvane, koma ali ndi kasitomala wa ku London amene akuifuna galimotoyo, ndipo ndikawalola kumaliza penti mtengo wake ukwera. Anati tsiku lina ndidzawathokoza. Ndinangoika foni pansi chifukwa pafupi panali wodwala.

Anzanga a ku Coventry, ku Wolverhampton, ku Birmingham, ndikudziwa kuti masiku ano tikakumana nkhani imangokhala ya matipate kumudzi, ndipo ena muti za galimoto ya mzungu zikutikhudza pati. Zoona, si nonse muli ndi galimoto ya ku Turin. Koma tsiku lina mudzasiya chinthu cha munthu amene mumamukonda m'manja mwa wodzitcha katswiri. Akayamba kuyamikira katunduyo kuposa kumvera zomwe mukunena, musachoke. Nyamulani chanucho mubwerere nacho.

Ndipo inu a Derek, ndikudziwa kuti izi zikufikani, wina akumasulirani. Ndani anakutumani? Nambala yanga munali nayo, bwanji munaimbira nyumba yotseka? Madigadi aja mukanangowaimika pakona, akanakudyerani malo aakulu bwanji? Penti yanu sindikuifuna. Kasitomala wanu sindikumufuna. Ndikufuna mubwere ku Walsgrave nthawi yoona odwala, muime pambali pa bedi, muwauze bambo anga ndi pakamwa panu chimene munachita ndi chifukwa chake. Mufulumire, madokotala sakundilonjeza masabata ambiri.

Dzulo madzulo bambo anandifunsanso ngati ndawaimbira ogula aja. Ndinanamizira kukonza bulangete. Mawa afunsanso. Ndiuzeni inu a Derek, ndikawayankhe chiyani?